Kuphunzira Aneni a Chingerezi pa Moyo wa Mark Twain: Mafunso ndi Mayankho

Ndimaphunzitsa Chingerezi ana a sekondale komanso akuluakulu amene akufuna kulembanso mayeso a Fomu 4, ndipo malo amene ambiri amagwera ndi pa aneni. Mawu amawadziwa, nkhani ali nayo m'mutu, koma ikafika posankha pakati pa *wrote*, *has written* ndi *had written*, cholembera chimangoima m'malere. Chimene chandithandiza ndi kutenga moyo wa munthu mmodzi, kuukoka pa bolodi ngati chingwe choyanikapo zovala, n'kumapachikapo aneni chaka ndi chaka. Munthu amene ndimatenga ndi mlembi wa ku America, Mark Twain. M'munsimu ndayankha mafunso amene ophunzira ndi aphunzitsi anzanga amandifunsa kawirikawiri.

Kodi Mark Twain anali ndani?

Dzina lake lenileni linali Samuel Langhorne Clemens. Anabadwa pa 30 Novembala 1835 m'kamudzi kotchedwa Florida, m'chigawo cha Missouri, ndipo ali ndi zaka zinayi banja lawo linasamukira ku Hannibal, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Bambo ake anamwalira mu 1847 iye ali ndi zaka 11. Posakhalitsa anasiya sukulu n'kukayamba ntchito yosanja zilembo kumalo osindikizira nyuzipepala. Kenako anaphunzira kuyendetsa sitima zapamtsinje, anakasaka siliva ku Nevada koma osaphula kanthu, anakhala mtolankhani, n'kudzatchuka ndi nkhani zoseketsa ndiponso nthano zazitali. Ziwiri zodziwika kwambiri ndi *The Adventures of Tom Sawyer* ya mu 1876 ndi *Adventures of Huckleberry Finn*, imene inatuluka ku Britain mu 1884 ndi ku America mu 1885. Anamwalira pa 21 Epulo 1910 ku Redding, m'chigawo cha Connecticut, ali ndi zaka 74.

Dzina loti Mark Twain analitola pamtsinje. Poyeza kuya kwa madzi, amalinyero ankaponya chingwe chokhala ndi mtovu kumapeto, ndipo chikafika pa chizindikiro chachiwiri ankafuula mawu amenewa. Tanthauzo lake linali loti madzi ndi akuya mapazi 12, kapena kuti mamita atatu ndi theka kuposerako pang'ono, choncho sitima ikhoza kudutsa. Anayamba kusayina nalo nkhani zake mu 1863, akugwira ntchito ku nyuzipepala ya mumzinda wa Virginia City, ku Nevada.

Bwanji osangoloweza matebulo a aneni monga tinkachitira kale?

Matebulo ndi ofunika, sindikuwanyoza. Koma tebulo limakuuzani mmene mneni amaonekera, silikuuzani nthawi yomutulutsira. Ndaona mwana akulakatula *write, wrote, written* mosajejema ngati ndakatulo, kenako n'kulemba m'kope kuti *He has wrote it in 1876*. Nthawi ya mneni imamveka pamene pali zochitika zenizeni: china chinayamba, china chinatsatira, china chinachitika chinzake chili mkati. Moyo wa munthu uli ndi zonsezi. Komanso moyo wa Twain uli ndi poyambira ndi pothera, ndiye malire a zakale zimene zinatha ndi zimene zikupitirirabe mpaka lero amaonekera bwino.

N'chifukwa chiyani timati *was born* osati *borned* kapena *he born*?

Apa Chichewa chathu chimatipatsa mwayi. Mneni woti "kubadwa" anachokera ku "kubala". Mayi amabala, mwana amabadwa: mwana sachita kanthu, chimachitika pa iye. M'Chingerezi ndi chimodzimodzi. Mneni wake ndi *bear*, ndipo *born* ndi maonekedwe ake achitatu, monga alili *written* pa *write, wrote, written*. Ndiye *He was born in 1835* ndi "anabadwa" weniweni, msintho wochitidwa. Mukachotsa *was*, zili ngati mwachotsa "-dwa" uja. Ndipo popeza kubadwa kunachitika kamodzi n'kutha, timati *I was born*, osati *I am born*, ngakhale mukadali moyo.

Nanga ngati timati *was born*, bwanji *was died* n'kulakwitsa?

Funso limeneli linabwera koyamba kuchokera kwa bambo wina wachikulire m'kalasi ya madzulo. Ndinali nditazunguliza ndi cholembera chofiira chiganizo chake choti *Mark Twain was died in 1910*. Iwo anabwera kutebulo, kope lili m'manja, chala chili pa mzere woyamba pamene ndinachonga *was born*, n'kundifunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, apa mwavomera *was*, apa mwakana. Kodi imfa ndi kubadwa si zonse zimangomugwera munthu?" Anafunsa zanzeru. Yankho n'lakuti m'malamulo a chiyankhulo, womwalira ndiye mwininkhani wa mneniyo. M'Chichewa sitinena kuti "anamwaliridwa" tikamanena za womwalirayo, timati "anamwalira". Choncho *He died in 1910*. Ngati mukufuna *was* kapena *is*, tengani mfotokozi: *He is dead*. Ngati wina anachita kumupha, pamenepo ndiye *was killed*.

Aneni ena a gulu lomweli ndi *happen*, *arrive*, *disappear* ndi *occur*. *Happen* ndi amene amapusitsa kwambiri, chifukwa "chinachitika" chimamveka ngati chochitidwa, ndiye dzanja limathamangira *It was happened*. Cholondola ndi *It happened*.

Aneni osatsata lamulo la *-ed* ndi ambiri. Ndiyambire pati?

Amene amagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi pafupifupi 200, koma musayambe ndi mndandanda wa A mpaka Z, mugwa ulesi musanafike pa D. Yambani ndi amene nkhani ikufuna. Onani zaka za unyamata wa Twain:

*He grew up in Hannibal. He left school and became a printer's apprentice. In 1853 he left home and went to New York. In 1857 he met a pilot called Horace Bixby, who taught him the river. He got his licence in 1859. The Civil War began in 1861 and he lost his job.*

M'kandime kameneka muli *grew, left, became, went, met, taught, got, began* ndi *lost*. Ndi aneni asanu ndi anayi, ndipo onse ndi amene mudzawafune polemba kalata yofunsira ntchito kapena pofotokoza mbiri yanu. Mukawagwira, aikeni m'magulu potengera kamvekedwe: *grow, grew, grown* amayenda ndi *know, throw* ndi *blow*, *begin, began, begun* amayenda ndi *sing, drink* ndi *swim*, *teach, taught* amayenda ndi *catch, buy, bring* ndi *think*. Khutu limasunga magulu mosavuta kusiyana ndi maso.

Kodi *He did not went back* walakwika pati?

Nthawi yakale yalembedwa kawiri. *Did* wasenza kale katundu wa nthawi, ndiye mneni wotsatira amayenda chimanjamanja: *He did not go back*. Pofunsanso ndi momwemo: *When did he write it?* osati *When did he wrote it?*

Ndimalemba *worked* bwinobwino, koma akuti ndimatchula molakwa. Vuto n'chiyani?

M'Chichewa mawu amathera ndi lembo la liwu, ndiye lilime lathu linazolowera kutseka mawu ndi a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake *worked* amatuluka ngati "wekedi" ndipo *lived* ngati "livedi". Kwenikweni *-ed* amatchulidwa m'njira zitatu. Pa *worked, stopped* ndi *published* amamveka ngati t wouma. Pa *lived, died* ndi *travelled* amamveka ngati d. Amawonjezera phatikizo pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena d, monga *printed, invested* ndi *ended*. Yesani kuomba m'manja potchula: *worked* ndi kuomba kamodzi, *printed* kawiri.

Palinso nkhani ya l ndi r, amene kwa ife amalowana m'malo popanda kusintha tanthauzo. M'Chingerezi si choncho. Twain anali *pilot*, woyendetsa sitima. Mukatembenuza lilime pang'ono mwanena *pirate*, chigawenga cholanda katundu panyanja. Mawu awiriwa ndi abwino kuyeserera pamodzi ndi *wrote* ndi *read*.

Mawu oti "ankagwira ntchito" ndiwamasulire kuti *was working* kapena *used to work*?

Zimatengera chimene mukutanthauza, chifukwa "-nka-" wathu amasenza zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimazilekanitsa. Ngati mukhoza kuwonjezerapo "kawirikawiri" kapena "masiku amenewo", ndi chizolowezi chakale, ndiye *used to*. Banja la Twain linkapita ku Quarry Farm, mumzinda wa Elmira, nyengo yotentha iliyonse, ndipo iye ankalembera m'kanyumba kakang'ono ka makona asanu ndi atatu pamwamba pa chitunda: *He used to write there every summer*. Koma ngati mukutanthauza kuti anali mkati mochita chinthucho pamene china chinachitika, ndi *was* kapena *were* ndi *-ing*: *He was working in Nevada when he first used the name Mark Twain*.

Zinthu ziwiri zikamachitikira limodzi, zonse zimatenga *-ing*. Chitsanzo chimene ana anga amachikumbukira ndi cha chaka cha 1859, chimene Twain analandira chiphaso chake, chimenenso David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mpaka kufika ku nyanja yathu: *While Clemens was piloting steamboats on the Mississippi, Livingstone was travelling up the Shire*.

Musasokoneze *used to write* ndi *was used to writing*. Choyambacho ndi "ankalemba", chachiwiricho ndi "anazolowera kulemba".

Kodi *had* uja wa *past perfect* amafunika liti? Ena amamuika paliponse akamakamba zakale.

Alipodi ambiri amene amaganiza kuti *had* ndi wa zinthu zakalekale, ngati kuti chinthu chikapitirira zaka 50 chimafuna *had*. Ayi. *Had* sayeza kutalika kwa nthawi. Amagwira ntchito pamene muli kale m'nkhani yakale, ndiye mukufuna kubwerera m'mbuyo sitepe ina. M'Chichewa ndi "anali ata-": anali atachoka, anali atadya, anali atamwalira kale.

Chitsanzo chomveka bwino chili pa tsoka limene linamugwera Twain mu Juni 1858. Iye anali atamupezera mng'ono wake Henry ntchito pa sitima yotchedwa Pennsylvania, imene nayenso ankagwirapo. Atayambana ndi woyendetsa wamkulu, Sam (ndiye kuti Samuel, Twain yemweyo) anatsika ku New Orleans, Henry n'kutsala. Patangopita masiku owerengeka sitimayo inaphulika pafupi ndi Memphis, ndipo Henry anamwalira ndi mabala a moto. Sam anadziimba mlandu pa imfa imeneyi kwa moyo wake wonse. Tsopano onani aneni:

*When the boat exploded, Sam had already left it. He blamed himself because he had found Henry the job.*

Kuphulika ndi kudziimba mlandu ndi pamene nkhani yaima, ndiye zatenga *exploded* ndi *blamed*. Kutsika m'sitima ndi kupeza ntchito zinachitika izi zisanachitike, ndiye zatenga *had left* ndi *had found*. Mukanena kuti *When the boat exploded, Sam left it*, mwasintha mbiri: mwamuika Sam m'sitima pa nthawi ya ngozi, n'kumutulutsa pambuyo pake. Ndikafika apa m'kalasi mumakhala zii, ndipo ndimaona kuti aliyense wamvetsa kuti kamawu ka zilembo zitatu kakhoza kusintha nkhani ya imfa ya munthu.

Ngati mukungofotokoza zinthu motsatana monga zinachitikira, *had* safunika: *He went to Nevada, looked for silver, failed, and joined a newspaper*.

Nanga *has written* ndi *wrote* zimasiyana bwanji? Apa ndiye pamene ndimaimira mutu.

Simuli nokha, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Chosangalatsa n'chakuti kusiyana kumeneku timakudziwa kale kunyumba. Wina akalowa pakhomo n'kunena kuti "Agogo amwalira," mumadziwa kuti uthenga ndi watsopano, maliro ali m'nyumba, muyenera kunyamuka. Akanena kuti "Agogo anamwalira mu 1998," ndi mbiri. Ndipo palibe Mchewa anganene kuti "Agogo amwalira mu 1998." Khutu limakana. Ndi mmenenso khutu la mwini Chingerezi limakanira *He has died in 1910*. "Amwalira" ndi *has died*, "anamwalira" ndi *died*, ndipo mukangotchula chaka, mwezi kapena tsiku limene linadutsa, *has* alibe malo.

Pali pamodzi pamene ziyankhulo ziwirizi zimasiyana, ndipo muyenera kusamalapo. Ife tikhoza kunena kuti "Amwalira m'mawa, 5 koloko," chifukwa zachitika lero lomwe. Chingerezi sichilola: mukatchula ola, ndi *He died at five this morning*.

Tsopano tibwerere kwa Twain. Popeza anamwalira, chilichonse chimene iye anachita chili mbali ya zakale zotha: *He wrote many books*. Mukanena kuti *He has written many books*, womvera aganiza kuti munthuyo ali moyo ndipo mwina atulutsa lina chaka chamawa. Koma mabuku ake akadalipo, ndiye zimene zikuchitikira mabukuwo kuchokera kale mpaka lero zimatenga *have* kapena *has*: *Millions of people have read Huckleberry Finn. His books have been translated into many languages*. Chiwerengerocho sichinatsekedwe, mawa wina awonjezerapo. Pa bolodi ndimadula chingwe chija pa 1910 ndi mzere wofiira. Zochita za munthuyo zimathera pa mzerewo. Za mabuku ake zimaudumpha n'kufika kumene ife tili.

Kamphatikira kathu ka "-po" kamathandizanso. "Munawerengapo buku lake?" ndi *Have you ever read his book?* "Sindinapiteko ku America" ndi *I have never been to America*. Ndipo "ndakhala ndikuwerenga" amagwirizana ndendende ndi *I have been reading*.

Kodi *for*, *since* ndi *ago* zikukhudzana bwanji ndi aneni?

*For* amatchula kutalika kwa nthawi, *since* amatchula poyambira, *ago* amawerenga kubwerera m'mbuyo kuchokera lero. Banja la Twain linakhala m'nyumba yawo yaikulu ya ku Hartford kuyambira 1874 mpaka 1891: *They lived there for 17 years*. Zinatha, ndiye *lived*. Nyumbayo masiku ano ndi malo oonetserako mbiri yake: *It has been a museum for many years*. Zikupitirira, ndiye *has been*. *Ago* nthawi zonse amayenda ndi nthawi yakale wamba: *He died more than a century ago*.

Cholakwa chimene ndimachimva ngakhale kwa anthu a m'maofesi ndi *I am working here since 2015*. Chimachokera ku "Ndikugwira ntchito pano kuyambira 2015," chimene m'Chichewa chilibe vuto. M'Chingerezi *since* amafuna *have*: *I have been working here since 2015*.

Mwati munthu womwalira amatenga nthawi yakale. Nanga bwanji m'mabuku a sukulu, pokamba za Huck, mnyamata wa m'buku la *Huckleberry Finn*, amalemba kuti *Huck runs away*?

Chifukwa zochitika za m'buku zimachitikanso nthawi iliyonse wina akalitsegula. Pofotokoza nthano timagwiritsa ntchito nthawi yatsopano: *Huck runs away from his father and meets Jim, who is escaping from slavery*. Pofotokoza za mlembi timabwerera kwakale: *Twain finished the book in 1883*. Amene mukulemba mayeso a mabuku, gwiritsitsani zimenezi, ndipo musaiwale s wa munthu wachitatu: *he runs, she says, the river carries*.

Kodi timati *He married with Olivia* kapena *He married to Olivia*?

Zonse ziwiri n'zolakwika. Ndi *He married Olivia Langdon in 1870*, popanda mperekezi. Mukafuna mperekezi, nenani *He got married to her* kapena *He was married to her for 34 years*, popeza Olivia anamwalira mu 1904 ku Florence, m'dziko la Italy. Dziwaninso kuti Chingerezi sichisiyanitsa kukwatira ndi kukwatiwa. *She married him* n'cholondola kwathunthu.

Pa nkhani ya ana pali msampha wina. Anali ndi ana anayi, Langdon, Susy, Clara ndi Jean: *They had four children*, osati *They were having four children*. Aneni osonyeza kukhala ndi chinthu, kudziwa, kukonda kapena kufuna, monga *have, know, like, want* ndi *belong*, kawirikawiri satenga *-ing*. Mwa ana anayiwo atatu anamwalira bambo awo ali moyo. Langdon anapita ali khanda mu 1872, Susy mu 1896 ali ndi zaka 24, ndipo Jean pa 24 Disembala 1909. Clara yekha ndi amene anatsala. Anthu amamudziwa Twain ngati wanthabwala, koma ine ndikamalemba zaka zimenezi pa bolodi ndimaona bambo amene anataya ana ake mmodzimmodzi.

Ndingadziwe bwanji kuti chiganizo chikufuna *was* ndi mneni wachitatu?

Chimasulireni m'Chichewa. Ngati patuluka "-idwa" kapena "-edwa", mukufunika *was* kapena *were* ndi maonekedwe achitatu a mneni. Buku silidzisindikiza lokha, limasindikizidwa: *Tom Sawyer was published in 1876*. Mu 1885 laibulale ya mumzinda wa Concord inachotsa *Huckleberry Finn* pa mashelefu ake ponena kuti ndi buku lamwano: *The book was banned*, linaletsedwa. Mu 1907 yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu: *He was given an honorary degree*, anapatsidwa.

Ziganizo za *if* zokamba zimene sizinachitike zimandivuta. Pali njira yachidule?

Ilipo, ndipo ngongole za Twain zimaiphunzitsa bwino. Pokhala munthu amene anakula akusanja zilembo chimodzichimodzi ndi zala, anakhulupirira kwambiri makina osanjira zilembo amene James Paige ankapanga. Anathirapo ndalama pafupifupi madola 300,000, koma makinawo ankangowonongekawonongeka ndipo sanapite patali. Mu 1894 kampani yake yosindikiza mabuku inagwanso, madzi n'kufika m'khosi. Ali ndi zaka pafupifupi 60 anauyamba ulendo wozungulira dziko, kukamba nkhani m'maholo kuti apeze zobwezera: Australia, New Zealand, India, ndipo mu 1896 anafika ku South Africa, kumene anayankhula m'mizinda monga Durban, Johannesburg ndi Cape Town. Pofika 1898 anali atabweza zonse, ngakhale lamulo silinkamukakamiza kutero.

M'Chichewa tinganene kuti, "Akanapanda kuthira ndalama m'makinawo, sakanagwa m'ngongole." Taonani kuti "-kana-" ali mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake ophunzira athu amaika *would* mbali zonse ziwiri: *If he would not have invested*. Chingerezi chimagawa ntchito. Mbali ya *if* imatenga *had*, mbali inayo imatenga *would have*: *If he had not invested in the machine, he would not have fallen into debt*. Yesani nokha ndi nkhondo ya mu 1861: ikanapanda kuimitsa sitima pamtsinje, kodi akanasiya ntchito imene ankaikonda chotero?

Pa moyo wa munthu amene anamwalira kalekale, nthawi yamtsogolo tingaiphunzire bwanji?

Kudzera m'nyenyezi. Twain anabadwa patangopita masabata awiri nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley itayandikira dzuwa mu 1835. Nyenyeziyi imabwera pakapita zaka 75 kapena 76. Mu 1909 iye ananena kuti anabwera nayo ndipo akuyembekezera kupita nayo. Inabweradi mu Epulo 1910, ndipo iye anamwalira patangotha tsiku limodzi itayandikiranso dzuwa.

Pofotokoza zimene munthu ananena kale zokhudza tsogolo lake, *will* amasanduka *would*: *He said that he would die when the comet returned*. Nyenyeziyi inaonekanso mu 1986, ndipo ikuyembekezeka mu 2061: *It will return in 2061*. Koma samalani ndi "ikadzabwera". Ife timasunga "-dza-" wa mtsogolo, pamene Chingerezi chimamutaya pambuyo pa *when, if, before, after* ndi *until*. Ndiye ndi *When it returns, our children will see it*, osati *When it will return*.

Ndiye ndigule *Huckleberry Finn* kuti ndiphunzirepo aneni?

Liwerengeni, ndi buku lalikulu, koma osati kuti mutengerepo aneni. Wofotokoza nkhani m'bukumo ndi mnyamata wosaphunzira, ndipo Twain anachita dala kulemba mmene anthu a m'mbali mwa mtsinje ankayankhulira. Mupezamo *knowed* m'malo mwa *knew*, *clumb* m'malo mwa *climbed*, *warn't* m'malo mwa *wasn't*. Kwa amene aneni anawagwira kale, kusaka mawu oterewa n'kumawakonza ndi ntchito yabwino kwambiri. Kwa woyamba kumene, ndi chisokonezo. Yambani ndi mbiri ya mlembiyo yolembedwa m'Chingerezi chosavuta, kapena mabuku ake ofupikitsidwa a ophunzira. Mabuku ake enieni amapezeka ulere pa intaneti, monga pa Project Gutenberg, chifukwa ndi akale.

Ndiyenera kukuchenjezaninso. M'bukumo muli mawu achipongwe onyozera anthu akuda, obwerezedwa maulendo oposa 200. Twain anakulira m'dera la ukapolo, bambo ake anasungapo akapolo, ndipo ali mwana ankamvera nthano za akapolo a pafamu ya achibale ake. Bukuli limatsutsa ukapolo, ndipo Jim ndi amene ali ndi umunthu kuposa azungu ambiri a m'nkhaniyo. Twain yemweyo mu 1905 analemba kabuku kodzudzula nkhanza za Mfumu Leopold ya ku Belgium m'dziko la Congo. Komabe mawuwo amapweteka, ndipo ine sindipereka bukuli kwa mwana ndisanakhale naye pansi n'kumufotokozera.

Ndili ndekha, ndilibe mphunzitsi. Ndichite bwanji?

Tengani pepala, muligoneke chopingasa, mujambule mzere wautali. Lembani zaka khumi za moyo wa Twain zimene mwaziona pano, ndipo pansi pa chaka chilichonse mulembe chiganizo chimodzi cha nthawi yakale wamba. Kenako lumikizani zaka ziwiriziwiri ndi *when, while, before* ndi *by the time*. Pamenepo *was doing* ndi *had done* adzabwera okha chifukwa nkhani idzawafuna. Mukamaliza, jambulani mzere wina wa agogo anu kapena mayi anu. Ngati ali moyo, mzerewo musautseke, ndipo muona mmene *has lived* ndi *has raised* akulowera pamene pa Twain sakanalowa.

Mungatipatseko zoyeserera?

Nazi zisanu ndi chimodzi. Mneni ali kumayambiriro, inu mumuike m'maonekedwe oyenera.

1. *pay*: By 1898 he ___ all his debts.
2. *stay*: He ___ in England when Susy died.
3. *not see*: He ___ her before she died.
4. *bury*: He ___ in Elmira in 1910.
5. *visit*: Thousands of people ___ his grave since then.
6. *appear*: The first volume of his complete autobiography ___ in 2010.

Mayankho ndi awa. Choyamba ndi *had paid*, chifukwa *by 1898* ndi "pofika 1898 anali ata-". Chachiwiri ndi *was staying*: anali atangofika ku England kuchokera ku ulendo uja, akuyembekezera kuti ana ake amupeze komweko, pamene uthenga unafika. Chachitatu ndi *did not see*. Chachinayi ndi *was buried*, anaikidwa. Chachisanu ndi *have visited*, chifukwa cha *since*. Chachisanu ndi chimodzi ndi *appeared*. Ambiri amalemba *was appeared* kapena *has appeared*, koma *appear* ali m'gulu la *die* ndi *happen*, ndipo chaka cha 2010 chatchulidwa. Mbiri imeneyi Twain ankainena pakamwa, wina n'kumalemba, nthawi zambiri iye ali chigonere pabedi, ndipo anafuna kuti mbali zina zisatuluke mpaka patadutsa zaka 100 iye atamwalira.